Mtsetse Wosalala wa a Simbi

Pa mgodi wina wa malasha aliyense ankaizindikira ntchito ya a Simbi ngakhale ali patali. Mgodiwo sunali wolowa pansi ayi. Ankachotsa dothi la pamwamba, kenaka miyala, mpaka malasha aonekere poyera. Malasha akatha pankatsala chidzenje chachikulu. Lamulo linkati kampani isachoke isanakwirire chidzenjecho ndi kukonza nthaka kuti pamerenso tchire. Malole a tipa ankathira miyala ndi dothi, ndipo womaliza kudutsapo ndi buludoza anali a Simbi.

Dzinali anawapatsa ndi anzawo a pantchito, chifukwa iwo ankasalaza nthaka ngati akusita malaya. Ankapita, kubwerera, kupitanso, mpaka pasatsale kabampu ngakhale kamodzi. Akamaliza ankatsika, n'kugwada, n'kutsinzina diso limodzi kuti aone ngati pali pokhota. Mtsetse waukulu wa kum'mawa, umene unawatengera chilimwe chonse, unali see, wopanda mwala woyang'ana kumwamba. Mabwana a kampani akabwera ndi alendo ankakajambulitsa pomwepo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankawasowetsa mtendere: mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, woyendetsa tipa. Uyu ankatchedwa Paliponse, chifukwa katundu ankakhuthulira paliponse pamene lole yaima. Ukamuuza kuti athire kumanja, iye ankathira pamene pali mthunzi.

M'mawa wa tsiku limene kunkabwera woyendera migodi wa boma, awiriwa anakumana pakhomo pa galaja. A Simbi anali akupukuta magalasi a buludoza ndi kansalu kopindidwa bwino.

"Alamu, mwasambitsa mkwatibwi?" anafunsa Paliponse akutafuna buledi.

"Inu lero mubisale," anatero a Simbi osacheuka. "Mlendo akaona lole yanuyo aganiza kuti tikuweta nkhumba."

"Loleyi imagwira ntchito, alamu. Si yokaonetsa kuchionetsero."

"Ndipo milu yanu ili kuseri kwa galajayo ndikuisalaza sabata ya mawa. Ndatopa kuiona. Pamera tchire ngati pabwinja."

"Muisiye miluyo, sinakulakwireni."

Woyenderayo anafika dzuwa litakwera pang'ono. Anali mayi wamfupi, wovala jombo zakutha ndi chisoti choyera, ndipo m'manja ananyamula chitsulo chosongoka chomufika m'chiuno. A Kapitawo, amene ankayang'anira gulu lokonza nthaka, anamutsogolera ku mtsetse wa kum'mawa. A Simbi ankatsatira pambuyo atapisa manja m'matumba a ovolosi, akuyesetsa kubisa kumwetulira.

Mayiyo anaima pakati pa mtsetse, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Anasalaza pano ndani?"

"Ndi bambo awa," anatero a Kapitawo monyadira. "Pa migodi yonse ya kuno palibe wowaposa."

"Ndikukhulupirira," anatero mayiyo. "Sindinaonepo posalala chonchi."

Atatero anaimika chitsulo chija pansi, n'kuchikanikiza ndi manja awiri. Sichinalowe. Anachitsamira ndi thupi lonse. Nsonga inangokanda pamwamba. Anapita patsogolo, anayesanso, chinangolira kuti ngwe.

"Bambo, tayesani inu. Mwina ine ndachepa mphamvu."

A Simbi analandira chitsulo, analavulira m'manja, n'kukanikiza mpaka misempha ya pakhosi inaonekera. Nthaka inali gwa ngati simenti.

"Mwaona?" anatero mayiyo mofatsa. "Buludoza yanu ndi yolemera. Nthawi iliyonse mukadutsa, imatsendera dothi. Ngati chitsulo chikukanika, muzu wa mtengo ulowa bwanji? Mvula ikagwa pano madzi sadzalowa pansi, adzangothamanga n'kukumba zigwembe. Kaudzu kamera, koma tchire ayi."

"Komatu mayi," anatero a Simbi, "anzanu onse amene ankabwera kuno ankafuna posalala. Wina anandigwira chanza pompano."

"Ndi zoona, ndipo cholakwa si chanu. Ifenso tinkaganiza choncho. Tabwerera ku malo amene tinawavomereza kalekale, tapeza mitengo yake ikadali yofika m'mawondo. N'chifukwa chake malamulo asintha. Komanso mgodi uno wachita malire ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo chilolezo chanu chikunena kuti nthakayi ibwerere kukhala malo a nyama za m'nkhalangomo, makamaka ngaka."

Paliponse, amene sanabisale monga anauzidwira, anali ataima kumbuyo kwa a Kapitawo.

"Ngaka ndi kaja ka mamba kaja?" anafunsa. "Kodzipinda ngati mpira?"

"Komweko. Zatsala zochepa kwambiri. Anthu amazisaka mozemba, ndipo tchire lokhalamo likutha. Ngaka imadya nyerere ndi chiswe basi, ndipo imagona m'mauna. Pano chiswe chidya chiyani? Una ukumbika pati?" Anatola chitsulo chake. "Tiyeni ndikuonetseni malo amodzi amene akhoza pa mgodi uno."

Anawatsogolera kudutsa pa kantini, kudutsa pamene amaimika malole, mpaka kuseri kwa galaja. A Simbi ataona kumene akulowera, anayamba kutsalira m'mbuyo.

Kuseriko kunali milu imene Paliponse anakhuthula molakwika zaka za m'mbuyomo, pamene anatumidwa kukataya dothi, zitsa ndi miyala kutali koma iye n'kuona kuti kwatalika. Tsopano miluyo sinkaoneka bwino chifukwa cha zomera. Panali mitengo yopitirira denga la galaja, zitsamba za minga, ndi chulu chachikulu chotsamira chitsa chowola. Mayi uja anangokhudza chitsulo pansi, chinalowa chokha mpaka theka.

"Miyezi yapitayi anzanga anamangirira kamera pa mtengo uwo," anatero akutulutsa foni. "Imajambula yokha chinthu chikadutsa. Taonani."

Mitu inakumana pa foni. Pa chithunzi panali ngaka ikuyenda ndi miyendo ya kumbuyo, ya kutsogolo itapinda pachifuwa ngati munthu wopepesa. Pa tsinde la mchira wake panakakamira kamwana.

"Ha! Kabereka!" anafuula Paliponse. "Pa milu yanga!"

"Mawu pansi, bambo. Nkhani ya nyamayi isatuluke pa geti, kuti osaka angamve. Mawa kubwera anzanga a zanyama kudzatchinga malo ano." Mayiyo anasuntha chithunzi ndi chala. "Palinso nyama ina imene kamera yaijambula kawirikawiri. Iyi imabwera masana."

Pa foni panaoneka Paliponse atagona chagada pa katoni, chisoti pamimba, kukamwa yasa. Mayiyo anasunthanso: Paliponse atagona chammbali. Anasunthanso: Paliponse akukanda mwendo ali m'tulo.

A Kapitawo anamuyang'ana Paliponse kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndimalondera, bwana," anatero Paliponse. "Nyama yosowa siisiyidwa yokha."

Onse anaseka chikhakhali, kupatula a Simbi. Iwo ankangoyang'ana chitsulo chija chitaima chokha m'dothi.

Madzulo a Kapitawo anawaitanira mu ofesi, kachipinda ka malata kokhala ndi tebulo, mapu a mgodi pakhoma ndi fani yolira ngati njuchi.

"A Simbi, ndilankhula mosabisa. Mayi aja atipatsa malo oyeserera kumadzulo kwa chidzenje. Akufuna dothi lofewa, lamabampu, zitsa ndi miyala zili mbwee. Adzabweranso mvula yoyamba ikagwa. Mabwana akuti pali kampani ina imene madalaivala ake anaphunzira kale njira imeneyi. Malowo akadzakanidwa, buludoza ipita kwa iwowo, inu mupite pa lole yowaza madzi mumsewu."

"Ine? Kuwaza madzi?"

"Sindikufuna zimenezo. Ndiye chonde, kawonongeni malowo bwinobwino."

A Simbi anayamba m'mawa mwake. Anadziuza kuti palibe chovuta: ngati boma likufuna milu, alipatsa milu. Anagwira sabata yathunthu osalola munthu kuyandikira. Atamaliza anaitana a Kapitawo.

A Kapitawo anafika, anavula chisoti, anakanda m'mutu. Milu inalipodi. Koma yonse inali yofanana msinkhu, yondandalikidwa m'mizere yowongoka ngati mabanzi m'thireyi. Uliwonse unali wophwathidwa pamwamba ndi chikhasu cha buludoza kuti uoneke bwino. Pakati pa mizere panali tinjira tosalala, totsenderedwa ndi matcheni a buludoza. Zitsa zonse zinaunjikidwa pakona imodzi, zazikulu pansi, zazing'ono pamwamba. Miyala inali ndi pakona pake.

"A Simbi," anatero a Kapitawo mwachisoni, "mwasitanso."

Kunyumba tsiku limenelo a Simbi anangokhala pa mpando wa pawindo osavula jombo, chinthu chimene sanachitepo. Akazi awo, amene ankasoka zovala pa makina pakona ya chipinda chochezera, anasiya kupalasa. Paliponse anali atafika kale, atatambalala pa sofa, kapu ya tiyi ataiika pansi pomwe munthu angaipunthe.

"Chavuta n'chiyani, bambo?" anafunsa mayiwo.

"Boma likufuna alamu akhale ngati ine," anayankha Paliponse. "Akukanika. Si aliyense anabadwa ndi mphatso."

"Iwe khala chete, ndipo chotsa mapazi pa sofa."

A Simbi anafotokoza zonse, mpaka za lole yowaza madzi. Mayiwo anamvetsera akuchotsa ulusi pa siketi.

"Ndiye mwayesa, zakana?"

"Ndimayamba bwino. Ndimakankha, n'kusiya. Koma ndikayang'ana pa galasi n'kuona mmene pakuonekera kumbuyo, dzanja limapita lokha pa giya."

"Ndikulidziwa dzanja limenelo," anatero mayiwo. "Ndi lomwe limayalanso bedi ine nditayala kale. Ndi lomwe limatembenuza makapu m'kabati kuti zogwirira ziyang'ane mbali imodzi. Vuto lanu si kupita, bambo. Vuto lanu ndi kubwerera." Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Iwe, mawa ukakwere nawo."

"Ine ndikaphunzitse alamu?" Paliponse anadzuka, maso akuwala. "Achemwali, bwerezani. Ndikufuna ndimvenso."

"Uyu?" anatero a Simbi. "Munthu woti sadziwa kumene anasiya sokosi yake ina?"

"Yemweyo. Ngaka inasankha milu yake, sinasankhe yanu. Mukufuna buludoza kapena mukufuna ulemu?"

A Simbi anayang'ana jombo zawo. Kenaka anawerama, n'kuyamba kumasula zingwe za jombo.

"Afike msanga," anatero. "Ndipo asadyere buledi m'kati."

Paliponse anafika mochedwa, buledi ali m'manja. Koma ntchito anaiyamba mwamphamvu. Poyamba a Simbi anagumula mabanzi awo aja ndi kutipula tinjira tonse ndi mano a chitsulo a kumbuyo kwa buludoza. Kenaka Paliponse ndi anzake a matipa anayamba kuthira chobwerera m'mbuyo, kuyambira kumapeto, mulu kugundana ndi mulu, kuti tayala lisaponde pamene pathiridwa kale. Anathira dothi lakuda, miyala yofumbutuka, zitsa, nthambi, zonse pamodzi. Pofika masana malowo ankaoneka ngati pagwa chivomezi.

Paliponse anakwera mu buludoza n'kudzipanikiza pambali pa mpando. Anavula jekete, n'kuphimba galasi loonera kumbuyo.

"Mukutani?"

"Phunziro loyamba, ana inu: zakumbuyo si zanu. Mudutsa kamodzi, kungometa nsonga za milu, basi. Tiyeni."

Buludoza inabangula, inakwera mulu woyamba, inapendama, inatsika. A Simbi anagwira zowongolera mano ali gwa. Kutsogolo kunatulukira chitsa chachikulu, mizu ili m'mwamba.

"Chimenecho ndichikankhire kumbali."

"Chilambalaleni. Imeneyo ndi kantini ya chiswe."

"Nanga dzenje ilo?"

"Bafa la achule. Pitani."

Anapita. Koma atatsala pang'ono kufika kumapeto, a Simbi anacheuka pa windo la m'mbali, n'kuona zimene asiya: mabampu, maenje, mwala waukulu utakhala chopendekera. Dzanja linanyamuka. Paliponse analiwakha lisanafike pa giya, n'kukhalira chogwirira cha giyayo ndi ntchafu yake.

"Alamu, chokani pamenepo!"

"Sindichoka. Achemwali anandituma."

"Kamwala kokhako! Kamodzi kokha!"

"Akakamodzi amenewo ndi amene akupititseni kowaza madzi. Muzikawaza mukutipatsa moni ife tikudutsa. Yang'anani kutsogolo!"

A Simbi anatulutsa mawu ena amene sankawalankhula kunyumba, koma anayang'ana kutsogolo. Atafika kumapeto anazimitsa injini, thukuta lili kamukamu ngati anyamula buludozayo pamutu.

"Pakuoneka bwanji?" anafunsa osacheuka.

"Ponyansa kwambiri," anatero Paliponse mokhutira. "Mwakhoza."

Anagwira chomwecho masiku otsatira. Tsiku lachiwiri Paliponse anakhalirabe giya. Kenaka anangoikapo chisoti. Pomaliza anatsika, n'kumakuwa ali pansi. Ndipo pang'onopang'ono a Simbi anayamba kuona kuti chisokonezo nachonso chili ndi luso lake. Anazindikira kuti dzenje likakhala chopingasa mtsetse limagwira madzi, koma likaloza kumunsi limawatsogolera. Anayamba kusiya zitsa pamene pali dothi lakuda, ndi kugoneka miyala ikuluikulu motsamirana kuti pansi pake patsale mphako. Paliponse atawaona akuchita zimenezi anadandaula kwa a Kapitawo kuti mwana wasukulu wayamba kuposa mphunzitsi. Gulu lodzala linabwera pambuyo ndi mbande za mitengo ya m'nkhalango ija, likudandaula kuti poyenda pavuta koma pokumba paphweka.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, usana wonse. Patapita masiku ochepa mayi woyendera uja anafika. Anayamba wadutsa pa mtsetse wa kum'mawa. Madzi anali atang'amba zigwembe zofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo matope onse anakaunjikana m'ngalande. A Simbi anayang'ana kamodzi, n'kuyang'ana kumbali.

Ku malo oyeserera mayiyo analowa yekha, ena onse ataima m'mphepete. Anakwera, anatsika, anazungulira chitsa, anasowa kuseri kwa mwala. M'maenje munali madzi odikha. Mbande zinali chilili, masamba atatambasuka. Anabaya chitsulo apa, chinalowa. Anabaya apo, chinalowa. Kenaka mwendo wake wina unatitimira mpaka m'bondo, ndipo pouzula jombo inatsalira m'matope.

"Tathera pompa," ananong'ona a Kapitawo.

A Simbi anathamanga, akudumpha milu yawo yomwe, n'kuzula jomboyo ndi manja awiri.

"Pepani mayi, pepani kwambiri. Pamenepa ndikanadutsapo kachiwiri..."

Mayiyo anali ataima ndi mwendo umodzi, atatsamira chitsulo, akuseka mpaka misozi.

"Mukanadutsapo kachiwiri ndikanakukanani. Bambo, malo ano ndawavomereza. Tagwirani apa ndivale." Atavala anawakodola kuti awerame pa chitsa china. Pansi pa khungwa panali kanjira ka dothi konyowa. "Chiswe chafika kale. Nyerere zitsatira. Ngaka sibwera chaka chino, mwinanso chaka cha mawa ayi. Koma ikadzatuluka kuseri kwa galaja kuja kufuna malo ena, idzapeza chakudya."

A Kapitawo anapumira m'mwamba, n'kuwamenya a Simbi paphewa.

"Buludoza ndi yanu, akulu. Ndikawauza mabwana lero lomwe."

"Ndi aphunzitsi omwe muwatchule," anatero Paliponse. "Dzina lilembedwe bwino."

"Iwe nkhani yako ya pa katoni ija sinathe," anatero a Kapitawo.

Pobwerera anaimanso m'munsi mwa mtsetse wa kum'mawa. Mayi uja anauyang'ana, kenaka anayang'ana a Simbi.

"Uwu uyenera kutipulidwa wonse, mozama, chopingasa. Ndikudziwa kuti munautayira nthawi yaitali. Ngati n'kovuta, a Kapitawo atha kupeza munthu wina."

"Ayi," anatero a Simbi msangamsanga. "Wina sadziwa pamene ndinatsendera kwambiri. Pakati apo ndinadutsapo kosawerengeka. Akangokanda pamwamba, n'kunena kuti wamaliza."

Nthaka itauma pang'ono, a Simbi anakwera buludoza m'mawa, n'kuyendetsa mpaka pamwamba pa mtsetse. Antchito a m'galaja anatuluka kudzaonerera, ophika a ku kantini nawonso anaima pakhomo ndi zikho m'manja. A Simbi anatsitsa mano a chitsulo mpaka analowa onse, n'kuponda moto. Nthaka inang'ambika ndi phokoso, zibuma zazikulu ngati mitu ya ng'ombe zikugudubuka mbali zonse.

Paliponse anaimika tipa pansi pa mtsetse, pamalo oletsedwa kuimika, n'kutulutsa mutu pa windo.

"Alamu! Mzere wanuwo wawongoka kwambiri! Khotetsani!"

"Chotsani chilole chanucho pamenepo," anakuwa a Simbi, "ndisanakutipulireni limodzi!"